Felton, Osazimitsa

Edmonton, London
12 Febuluwale 2006

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ndiponso kuti mwendo uja wasiya kukusautsani. Ine ndilipo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa mabodza ndanena okwanira mwezi uno, ndipo sindifuna kuwonjezera lina kwa inu.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni paja simunandipatse mpata. Munafulasha, ine n'kuimba, inu n'kuyankhula mpaka khadi kutha, ine n'kutsala ndi mawu kukhosi. Munati, "Nsomba ndi ndiwo, Petronella, koma mlongo wako ndi munthu." Munatinso chibale n'fupa, sichiola. Sindikukana, Amayi. Koma fupa limatsamwitsanso, ndipo ili latsamwa ine. Popeza Felton anathamangira kukufotokozerani mbali yake, tsopano khalani pansi mumve yanga, kuyambira kumutu.

Mukudziwa kuti kwa zaka pafupifupi ziwiri ndakhala ndikusamalira a Henderson, gogo wachizungu wa ku Romford uja. Ndinkagona m'nyumba mwawo momwemo, kuwasambitsa, kuwaphikira, kuwapatsa mankhwala. Akazi awo anamwalira kale. Mwana wawo mmodzi yekha, Jenny, amakhala kutali ndipo amabwera kamodzi pamwezi, maso ali m'makona kusaka fumbi. A Henderson ali mnyamata ankagwira ntchito pa doko la Nacala ku Mozambique, ndiye nditangowauza kuti ndine Mmalawi anati, "Ndiye ndiwe wa kumapeto kwa njanji yanga." Kuyambira tsiku limenelo sanandiyese wantchito.

Pabalaza pawo pali thanki yagalasi, kutalika ngati bedi, yodzaza madzi amchere. Mmenemo ndi mmene munali nsomba zimene inu mukuti ndiwo. Amayi, simungadye nsomba zimenezo ngakhale njala itavuta chotani. Ndi tinsomba tiwiri, kutalika ngati chala chapakati, kuphwatalala ngati tsamba. Thupi lake ndi lobiriwira mopita ku buluu, lodzaza madontho achikasu chofiirira oyalidwa m'mizere, mungati munthu anakhala pansi n'kujambula ndi dzanja. Kukamwa n'kotalika ngati kapaipi, ndipo pamwamba pa mutu pali munga umodzi umene timaudzutsa tikaopsedwa. Azungu amati filefish, chifukwa khungu lake ndi lokhakhala ngati tupa yonolera nkhwangwa. Ine ndinkangoti Bambo ndi Mayi. Wamwamuna mumamuzindikira ndi kachigamba kofiira pansi pa mimba.

A Henderson anazionera koyamba ku Nacala komweko, akusambira. Ankati zimapezeka m'nyanja zofunda zokha, kuyambira kugombe la Mozambique ndi Tanzania, kudutsa zilumba za m'nyanja ya India mpaka ku Australia ndi kupitirira. Zimakhala m'miyala yamoyo yotchedwa korali, yanthambi ngati nyanga za mbawala. Zimayenda ziwiriziwiri, mwamuna ndi mkazi, mutu pansi mchira m'mwamba, kujompha tizamoyo tating'ono ta pa miyalayo tsiku lonse monga nkhuku pa mtondo. Pogona zimadzipanikiza pakati pa nthambi, munga uli njo, kuti madzi asazikokolole. Vuto lake ndi lakuti kwawoko sizidya china chilichonse koma tizamoyo ta pa korali timeneto. Anthu ambiri akazigula zimangoyang'ana chakudya mpaka kufa ndi njala.

Ife tinazidyetsa. Ndikunena monyadira, Amayi, chifukwa palibe wina adzandiyamikire. Tinkapera tinkhanu ta m'nyanja mpaka kukhala phala, n'kupaka pa nthambi ya korali wakufa, n'kuimika m'thanki kuti zione ngati ndi kwawo. Kanayi pa tsiku. Manja a a Henderson amanjenjemera, ndiye wopaka ndinali ine, iwo ali pa mpando kulamula. Zinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti zizolowere. Tsiku limene Mayi anajompha koyamba, gogo uja analira misozi, ine n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya pabalaza pa mzungu. Bambo wa ku shopu ya nsomba anabwera yekha kudzaona ndi maso, chifukwa sanakhulupirire.

Mudziwe ichi: nsomba zimenezo ndi zimene zinkawadzutsa a Henderson m'mawa. Jenny anayesa kangapo kuwapititsa ku nyumba yosungirako okalamba, iwo n'kumakana kuti, "Nsomba zanga adyetse ndani?" Malinga nsombazo zinali moyo ndipo ine ndinalipo, iwo anali ndi chifukwa chokhalira m'nyumba mwawo.

Pa 10 Januwale anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ali pa machira kupita ku ambulansi anandigwira dzanja. Sanatchule mankhwala, sanatchule mwana wawo. Anati, "Petronella, nsomba." Ndinati, "Musadandaule, zili m'manja mwanga."

Patapita masiku khumi ndinayenera kuchokapo, kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba. Sikunali kokayenda. A ejensi amene anandilemba ntchito anandilola, poti wodwala anali kuchipatala, koma za nsomba iwo sizinkawakhudza. Mnzanga Marjorie anali pa ntchito masiku onsewo. Ndiye ndinachita chinthu chimene lamulo la ntchito yanga limaletsa: ndinapereka kiyi wa nyumba ya mwini kwa munthu wina. Uko ndi kulakwa kwanga ndipo ndakuvomera. Koma ndinapereka kwa yani? Kwa mwana wa mayi anga, bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, amene ndakhala ndikumubereka kumsana chifikire kuno.

Ndinamuitana Lachinayi. Ndinamuonetsa zonse, kupera, kupaka, kuimika nthambi. Ndinamuonetsa masoketi a kuseri kwa thanki. Ndinati, "Iyi ndi hita, imafunditsa madzi. Iyi ndi pampu, imapatsa mpweya. Ukazimitsa izi wapha." Iye maso ali pa foni, akungoti, "Ndamva, sisi, easy." Popeza ndimamudziwa, ndinalemba kapepala m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumata pakhoma pamwamba pa masoketiwo.

Ndinabwerera Lolemba masana. Nditangotsegula chitseko ndinadziwa. Nyumba ija imakhala ndi kaphokoso ka madzi usana ndi usiku, koma tsiku limenelo munali zii, ndipo munkazizira ngati panja. Januwale wa kuno, Amayi, madzi amaundana m'misewu. Ndinathamangira pabalaza. Thanki ili mu mdima. Soketi iliyonse m'nyumba monse yozimitsidwa, ya thanki, ya wailesi, ngakhale ya fuliji. Makina ofunditsa nyumba nawo ozimitsidwa. Madzi amene amayenera kukhala ofunda ngati osambitsira khanda anali ozizira opweteka chala. Mayi anali gone chammbali pansi pa mchenga, madontho aja atafwifwa. Bambo anali atadzipanikiza m'nthambi, akupuma pang'onopang'ono. Nthambi ya chakudya inali ya Lachisanu yomwe ija. Ndiye kuti mwana wanu anabwera kamodzi, n'kuzimitsa zonse potuluka, osabweranso.

Ndinamuimbira Felton. Ndikulemberani mawu ake enieni kuti muwamve mmene ndinawamvera ine.

"Felton, wachita chiyani?"

"Aa, sisi, ndinango-switcha off basi. Nyumba yopanda munthu mungasiye zinthu zili on? Mwaiwala Amayi?"

"Nanga kapepala kaja sunakaone?"

"Kapepala kati? Mmene ndimatuluka ndinali pa rush, ndimathamangira basi ya ku Woolwich."

"Loweruka unali kuti? Lamlungu unali kuti?"

"Kunali ka job Loweruka, Sunday kunali kutchalitchi. Koma sisi, mukulira chifukwa cha fish? Ndikagula ina pa market, kuli zambirimbiri."

Ndinadula foni ndisanatukwane mayi amene anatibala tonse awiri.

"Mwaiwala Amayi?" Ayi, sindinaiwale. Ndikukumbukira tsiku limene magetsi anabwera mwamphamvu ku Chilobwe n'kupsereza wailesi ya malemu bambo, ndi mmene munatilumbiritsira kuti wotsiriza kutuluka azizimitsa chilichonse pakhoma. Munali ndi chifukwa chabwino. Koma pa malangizo onse amene munamupatsa Felton, olimbikira sukulu, onena zoona, osunga lonjezo, iye anasunga limodzi lokhali, n'kudzaligwiritsa ntchito pamalo pamodzi pokha pamene ndinamuuza kuti asatero. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwira.

Ndinayatsa zonse, n'kufunditsa madzi pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira a Henderson. Bambo anapulumuka. Mayi ndinamukulunga m'kansalu n'kumukwirira kuseri kwa nyumba, pansi pa maluwa. Sekani ngati mukufuna.

Tsiku lotsatira ndi limene munafulasha inu. Felton anali atakuuzani kale kuti ndikamutchula apolisi amugwira. Sananame pamenepo. Viza yake ya sukulu inatha chaka chatha, sukuluyo anaisiya kalekale, ndipo Jenny akanamva kuti m'nyumba ya bambo ake munalowa munthu wachilendo akanaitana apolisi tsiku lomwelo. Ine zimenezo ndinkazidziwa musanafulashe. Simunafunikire kundipempha. Chimene chinandipweteka n'chakuti munandipempha ngati kuti ndi nkhani yaing'ono, ngati mmene munkandiuzira kuti ndimusiyire Felton nyama ya m'mbale mwanga chifukwa ndi wamng'ono.

Lachitatu ndinapita kuchipatala kukawaona a Henderson. Anali ataonda, koma ataona ine nkhope inawala. Anamwino anandiuza kuti akulimbikira kuphunzira kuyenda kuposa odwala onse, ati akufuna kubwerera ku nsomba zawo. A Henderson anandifunsa, "Akudya?" Ndinati, "Akudya." Anafunsanso, "Onse awiri?" Ndinati, "Onse awiri." Ine, namwino wophunzira bwino, wogwira ntchito ku chipatala cha Gulupu zaka zisanu ndi zinayi, ndinayang'ana wodwala wanga m'maso n'kumunamiza. Ndinadziuza kuti ndikuchitira iwo, kuti asafooke. Zoona zake ndinali ndi mantha.

Anatuluka pa 3 Febuluwale, Jenny atawabweretsa pa galimoto. Sanalole ngakhale kuvula jasi. Anakankha chogwirira chawo choyendera mpaka pa thanki, n'kuima. Bambo anali yekha pakona, mutu pansi, osajompha kanthu. Chifere mkazi wake ankangodya mwa apo ndi apo. A Henderson anayang'ana nthawi yaitali, akufufuza m'nthambi zonse, kenako anatembenuka.

"Ali kuti?"

"Anafa, bambo. Masabata awiri apitawo."

Jenny anayamba kufunsa ngati wapolisi. Anafa bwanji? Ndinati hita ndi pampu zinazimitsidwa masiku atatu. Anazimitsa ndani? Amayi, dzina la mwana wanu linali pa lilime panga. Linali pomwepa. Jenny anafunsanso, "Kodi munalowa munthu wina m'nyumba muno?" Ndinati, "Ayi. Ndinazimitsa ndine, ndisanachoke. Ndi chizolowezi cha kwathu, ndinaiwala."

Jenny anakuwa. Anati ngati ndingaiwale chinthu chotere, mawa ndidzaiwala mankhwala a bambo ake. Anati wakhala akunena kuti bambo ake sangakhale m'manja mwa munthu mmodzi.  Pamene iye ankakuwa, ndinangowaona a Henderson akuwerama movutikira kumbali kwa thanki, ngati akufuna kuona masoketi aja, n'kuika dzanja m'thumba la jasi. Sindinaganizepo kanthu, mutu wanga unali utazungulira.

Lolemba Jenny anaimbira a ejensi. Anandipatsa masiku asanu oti ndilongedze. Pa fayilo yanga alembapo kuti ndine wosasamala, ndipo mawu amenewo adzanditsata kulikonse kumene ndikafunsire ntchito, ngakhale pamene ndikulimbana kuti andilole kugwira unamwino wanga kuno. A Henderson awapezera malo ku nyumba ya okalamba. Ulendo uno sanakane. Thanki yagulitsidwa. Lachinayi bambo wa ku shopu uja anabwera n'kumutenga Bambo m'kathumba ka pulasitiki, ndipo ponyamuka sanandiyang'ane n'komwe.

Lachisanu, dzana, ndinapita kukatsanzika. A Henderson anali pa mpando wawo, atayang'ana malo amene panali thanki. Masiku onsewo sanandiyankhule zoposa "zikomo" ndi "ayi". Ndinagwada pafupi nawo monga timachitira kwathu, chikwama chili pakhomo. Anatulutsa kapepala m'thumba n'kundipatsa. Kanali kapepala kanga kaja. Kanamatuka n'kugwera kuseri kwa thanki, ndipo ine m'chipwirikiti chonse chija ndinaiwala kukafufuza.

Anati, "Chinenero chako sindichidziwa. Koma munthu sadzilembera yekha kalata n'kuyamba ndi dzina la wina. Felton ndani?"

Ndinati, "Mlongo wanga."

"Alibe mapepala?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anati, "Jenny sanakaone kapepalaka, ndipo sadzakaona. Za nsomba ndikanakukhululukira tsiku lomwelo, Petronella. Nsomba zimafa. Koma ndinakufunsa kawiri kuchipatala kuja. Ndinayenda m'khonde muja tsiku lililonse, ndikulira ndi ululu, chifukwa iwe unati onse awiri akudya."

 Ndinawapempha kuti andikhululukire, iwo anangondisisita pamutu kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Ndinakwera basi ndi chikwama changa, ndipo ndinalira kuchokera ku Romford mpaka kuno kwa Marjorie, kumene ndikugona pa mpando wa pabalaza.

Ndiye mwana wanu ali bwino, Amayi. Palibe amene wamugwira. Dzulo ananditumizira uthenga pa foni wakuti, "Sisi mwakwiyabe?" Kufikira lero sananene kuti pepani. Mudzati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndine woyamba kubadwa. Ndazilandira nkhonyazo kuyambira ali mwana: ataswa zenera la kusukulu ndinavomera ndine, atathawa mayeso ndinakamunenera bodza kwa aphunzitsi ndine, atafika kuno wogona pansi kuti iye agone pabedi ndinali ine. Ulendo uno nkhonya sinagwere ine ndekha. Yagwera nkhalamba imene sinamulakwire chilichonse, imene inamubisa ngakhale sinamuonepo nkhope. Mzungu wa zaka makumi asanu ndi atatu wataya nyumba yake kuti mwana wanu asakwezedwe ndege, ndipo mwana wanuyo sakudziwa n'komwe dzina lake loyamba.

Sindidzamuulula Felton, musade nkhawa. Koma kiyi wanga, bedi langa ndi pakamwa panga sadzazigwiritsanso ntchito. Akakuimbirani kudandaula kuti achemwali ake asintha, mumuuze kuti ndi zoona. Ndipo chonde musandifulashenso pa nkhani yake.

Kapepala kaja ndakaika mu envulopu momwemu. Inu mumawerenga Chichewa bwino, ndinu munatiphunzitsa tonse awiri pa khonde. Muone ngati pali mawu ovuta pamenepo.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Effie, muwauze kuti mafuta opaka mwendo aja ndidzatumiza ndikapeza wobwera. Moni kwa a Bonface ndi banja lonse, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandipempherera. Apitirize, ndikuwafuna mapempherowo.

Chomaliza, Amayi. Pa foni paja munafunsa za Felton, za apolisi, za viza, ngakhale za mtengo wa nsomba. Felton nayenso sanafunse, ngakhale ndinamupatsa kiyi m'manja. Palibe amene anafunsa kumene ine ndinali masiku atatu aja. Ndinali kuchipatala cha kuno ku Edmonton. Anandichotsa chotupa m'bere lakumanzere. Sindinakuuzeni chifukwa sindinafune kuti mudandaule. Zotsatira zake ndikamva Lachinayi likudzali, ndipo Marjorie wati andiperekeza.

Mukafuna kufulasha tsiku limenelo, ndidzaimba.

Ndine mwana wanu woyamba,
Petronella